Kamushafuti ya Mabingu

Pagalaja ya mlamu wake, Mabingu sankalowa ndi odi, ankalowa ndi hutala. Munthuyu adayamba ndi wilibala, kenako ngolo, mpaka adagula lole yakeyake ya petulo, ndipo mbiri imeneyi ankaifotokozera aliyense, ngakhale wongofunsa njira.

Tsiku lina adatulukira ndi kamushafuti yonyezimira, chitsulo chotsegula ndi kutseka mavavu a injini, ataikulunga m'thawulo ngati khanda.

"Alamu, maiko ndayenda ine! Magalimoto ampikisano amalira ndi imeneyi. Taonani malinunda akewa! Ndikaima pamphambano, nthaka izinjenjemera."

Mlamuyo, makaniko wa zala zakuda ndi oyilo, adaitembenuza n'kuseka. "Mwagulira ng'ombe yapangolo nsapato za mpira. Malinunda aakulu amasiya mavavu ali yasa nthawi yaitali. Pa liwiro injini imakondwa, koma ikamakoka katundu pang'onopang'ono mpweya umathawa. Kompyuta ya injini nayo idazolowera kamushafuti yakaleyi. Isokonezeka, izithira petulo ngati ikuthirira dimba. Si Lolemba kodi mukukayesedwa ntchito yokweza mchenga paphiri paja?"

"Mlongo wanga ndidakupatsani osafunsa zambiri. Inunso mangani osafunsa!"

Adamanga. Injini italira, malata a galaja adanthunthumira. Gudu-gudu, gudu-gudu! Owotcherera zitsulo adasiya ntchito kudzaonerera, Mabingu chifuwa chili nganganga.

Pofika Lachisanu lole idayamba kuzima pamphambano paliponse, utsi uli tolotolo. Mabingu adasintha mapulagi, mawa lake adada bii. Adasintha sensa yoyeza mpweya, osaphula kanthu. Mlamu wake adamupeza mutu uli m'boneti, sikuludiraiva ili m'manja.

"Mwataya chiyani m'menemo, achimwene?"

"Kasikuluwu kochepetsera petulo."

"Kameneko kadapita ndi magalimoto akale a kabuleta. Kuno amalamula ndi kompyuta, ndipo ngakhale tiiphunzitse bwanji, mphamvu yokokera siibwerera. Tibwezeretse yakale ija, ndi ntchito ya tsiku limodzi."

"Ndichotse nyimbo yonseyi? Mwadwala?"

Lolemba kapitawo wa omanga adaima pamwamba pa phiri. Malole anali awiri, ntchito imodzi. Mabingu ndiye adayamba kunyamuka, mchenga uli tho, phokoso likumveka kutsidya. Pakati pa chitunda injini idatsokomola, idalira ngati ikupepesa, kenako zii. Adalizanso, idazimanso. Chilole chinzake chakalekale, chosalankhula zambiri, chidamudutsa pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopita kumunda, mpaka pamwamba.

Kapitawo adatsika wapansi n'kumupeza Mabingu akutsitsa mchenga ndi fosholo.

"Bambo, lole yanu tidaimva isanaoneke. Koma ife timamanga ndi mchenga, osati phokoso."

Masana lole idalowa pagalaja chokokedwa, popanda hutala. Kamushafuti yakale inali kale patebulo, yopukutidwa, yopakidwa oyilo.

"Nanga yonyezimirayi?" adafunsa Mabingu, mawu atachepa.

"Tiipachika pakhoma, alamu. Pamenepo singazime."

Akuluakulu adanena kale: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.