Theka la Nyimbo ya Chikopa

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere ndi mano omwe, kunali munthu wina dzina lake Chikopa. Nenani kuti "tili tonse", kodi mwameza malilime? Eya, choncho.

Chikopa ameneyu anali ndi munda m'tsinde mwa phiri. Munda umodzi wokhawo. Ndiwo unkadyetsa iye, mlongo wake, mwana wake wamkazi ndi adzukulu. Koma m'phirimo munali anyani, anyani osati masewera. Nthawi ya dowe ikangofika, iwo ankayamba kusuzumira.

Tsono chimene chinkateteza mundawo sunali uta, sanali galu. Anali mangolongondo. Mukuwadziwa inu: mitengo yosema, yoyalidwa pa mathunthu awiri a nthochi. Oimba amakhala awiri moyang'anana, aliyense ndi tindodo tiwiri. Uyu akamenya, uyo adikira. Uyo akamenya, uyu adikira. Wina amalowa m'mipata ya mnzake, ndipo nyimbo imatuluka pakati pawo. Munthu mmodzi saimba mangolongondo.

Chikopa ankaimba ndi mlamu wake Malekano, mwamuna wa mlongo wake uja. Aaa, anthu awiri aja! Akakhala pachilindo n'kuyamba, ngo-ngolo-ngo, ngo-ngolo-ngo, unkangomva ngati mudzi wonse uli m'munda. Anyani m'phiri ankati, "Lero kwadzaza anthu, tisapite." Mawa, "Kwadzaza anthu." Mkuja, "Kwadzaza anthu." Chimanga n'kuuma, n'kulowa m'nkhokwe.

Koma Chikopa anali ndi khalidwe lake. Sankafuna mwana pa mangolongondo.

Ana ankabwera ndithu, paja nyimbo imaitana. Ankawatsogolera ndi Ndaziona, mdzukulu wa Chikopa, kamtsikana ka manja opepuka. Chikopa ankawakhazika onse kuseri kwa msana wake, ati azimenya pansi ndi timitengo, kutsanzira manja ake.

Malekano ankati, "Alamu, mwanayu adzakhale kuno kwa ine, aone mbali yanga."

"Ayi, awononga nyimbo."

"Akawononga tiyambiranso."

"Ayi. Akule kaye."

Chaka chino, "Akule kaye." Chaka chamawa, "Akule kaye." Ngati kuti imfa nayo imadikira kuti ana akule! Ine munthu wotere amandipsetsa mtima, ndinene poyera.

Basi ana onse anadziwa manja a Chikopa. Kumbuyo kwa Malekano kunalibe mwana ndi mmodzi yemwe. Kunali mkuyu wokha.

Chaka china, nthawi ya dowe itangofika, Malekano anadwala mutu. M'mawa mutu, madzulo mutu. Anagona, osadzukanso. Anthu analira, anaika maliro, anameta. Koma chimanga sichidziwa maliro. Chikopa anabwerera kuchilindo.

Anakhala pamalo pake. Ngo... ngo... ngo... Nyimbo ya mipatamipata ngati mano a nkhalamba.

Anyani m'phiri anatchera khutu. "Kodi anthu aja apita kuti? Kwatsala mmodzi." Tsiku lomwelo anatsika, anathyola mizere ya m'mphepete, n'kubwerera akuseka.

Chikopa anaitana Ndaziona. "Khala uko, pamalo pa agogo ako aja." Mwana anakhala, anagwira tindodo. Chikopa ngo, mwana ngo. Limodzi! Chikopa ngo, mwana ngo. Limodzi!

"Iwe! Lowa mumpata!"

"Mpata uti, agogo? Ine ndimadziwa zanu zomwezo."

Anaitana mwana wina. Chimodzimodzi. Anaitana wina. Chimodzimodzi. Onse anali a Chikopa ang'onoang'ono.

"Chokani! Ndiimba ndekha mbaliyo, inu muonere." Anazungulira, anakhala pamalo pa mlamu wake, anakweza tindodo. Manja gwa! Zaka zonsezo khutu linkamva nyimbo yathunthu, koma manja sanapondeko mbali imeneyo. Akati ayese, manja ankabwerera kwawo ngati mbuzi yodziwa khola lake.

Apo m'pamene anazindikira. Theka la nyimbo analikwirira kumanda! Thukuta kamukamu.

Ananyamuka ulendo wa kutsidya la mtsinje, kumene kunali mkulu wina woimba. Anagwada. "Tiyeni mukandithandize, munda ukutha."

Mkuluyo anati, "Nyimbo yanu ine sindiidziwa, ife kuno tili ndi yathu. Yangayi ndinapatsa ana a mlongo wanga, awo mukuwamva akuimbawo. Nanga yanu munapatsa ndani?"

Chikopa anabwerako wolewole. Anapeza anyani adya mizere ina.

Mwana wake wamkazi uja, make Ndaziona, anati, "Atate, munda ukatha ine nditenga ana, ndipita kwawo kwa amuna anga. Sindingaonerere ana akufa ndi njala."

Tsono mverani. Masana ena Chikopa ali yekha pachilindo, ngo... ngo..., anamva tswatswa mumkuyu muja. Kunatsika nyani wamkazi, wokalamba, wa imvi kumaso, mwana ali pamsana. Chikopa anatola mwala. Nyani anakweza dzanja.

"Musaponye, a Chikopa. Sindinadzere chimanga."

Nyani kuyankhula! Nyani kudziwa dzina la munthu! Mwala unagwa wokha.

Nyani uja anatsitsa mwana, anamukhazika pamalo pa Malekano, anamugwiritsa tindodo. Anati, "Yambani."

Chikopa anayamba. Ngo. Kanyani, ngolo. Ngo. Ngolo. Mayo ine! Ngo-ngolo-ngo, ngo-ngolo-ngo! Nyimbo yonse, yathunthu, yopanda mpata ndi umodzi womwe. Ngakhale kachizolowezi ka Malekano komenya kawiri pa mtengo wakumapeto, kanyani kanali nako.

Tsitsi la Chikopa linaima. Misozi inatsika, koma manja sanaleke.

Kumudzi anamva. Mlongo wake, wamasiye uja, anali pamtondo. Anaponya munsi. "Awo ndi amuna anga! Amuna anga adzuka!" Anathamanga nsalu ili m'manja. Anthu pambuyo pake, amuna, akazi, ana, onse liwiro la kumunda. Ena ankati ndi malodza, ena ankati ndi mizimu.

Atafika anangoti kakasi. Pamalo pa malemu pakhala kanyani, mchira uli pansi, kakuimba. Wamasiye anakhala pansi, manja kumutu.

Nyimbo itatha, nyani wamkazi anati, "Ine ndinkakhala mumkuyu umu, kumbuyo kwa malemu. Ndinkaona kuti muli awiri okha, koma anzanga sindinawauze. Nyimboyi inkandikomera. Mwanayu ndinkamukhazika pamiyendo, azimenya nthambi. Akalakwitsa, ndinkamusiya. Akalakwitsanso, ndinkamusiya. Malemu ankationa. Nthawi zina ankachedwetsa dala manja kuti mwana aone."

Wamasiye anati, "Ndi iwo amenewo. Mtima wawo unali womwewo."

Nyani anapitiriza. "Tsono ndimvereni, a Chikopa. Mwana wanga aziimba nanu mpaka mukolole. Anzanga akamva nyimbo yathunthu adzati anthu abwerera, satsika. Koma uyu ndi nyani, akakula apita kuphiri. Mdzukulu wanu akhale pambali pake, aphunzire, nyimbo ibwerere kwa eni ake."

Ndaziona sanadikire kuuzidwa. Anakakhala pafupi ndi kanyani, anagwira tindodo. Kanyani kanamenya pang'onopang'ono, iye n'kutsatira. Ngolo. Ngolo. Analakwitsa, anaseka, anayambiranso. Analakwitsa, anaseka, anayambiranso. Chiyambi cha nyimbo chinayamba kulowa m'manja.

Inu mukuti bwanji? Si mwayi umenewo? Munda wapulumuka, ana sachoka. Chotsala n'kungoti zikomo, basi.

Koma pagulu sipasowa munthu wa pakamwa. Wina kumbuyo anati, "Hede! A Chikopa, ana munkawakaniza, lero namkungwi wawo ndi wa mchira!" Wina anaseka, wina anatsatira, mpaka gulu lonse linafa nalo phwete. Chonsecho ana awonso sankadziwa kanthu. Paja anyani amasekana zikundu, ndipo tsiku limenelo osekana zikundu anali anthu.

Manyazi anamukwera Chikopa mpaka m'maso. "Mdzukulu wanga? Aphunzitsidwe ndi nyani? Ine ndili moyo?"

"Agogo, ndatsala pang'ono..."

Mwana sanamalize. Chikopa anazula mtengo umodzi wa mangolongondo omwewo, anaukweza, phaa! Pa dzanja la kanyani.

Kalanga ine! Fupa linamveka kuthyoka. Kanyani kanalira ngati khanda la munthu. Oseka aja anagwira pakamwa. Wamasiye anakuwa, "Achimwene! Mwawapha kawiri amuna anga!"

Ine pamenepa thupi limandichita tsemwe nthawi zonse. Munthu kumenya dzanja limene likumupatsa chakudya!

Nyani wamkazi sanalume munthu. Ananyamula mwana wake, anayang'ana kadzanja kali lende, anayang'ana Chikopa.

"Theka lanu linali m'dzanja ili," anatero. "Mwalithyola nokha."

Anakwera phiri osacheuka.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, osatsanzika. Chikopa anatsala chiimire, mtengo uja uli m'manja. Anauyang'ana ngati wina wangomugwiritsa. Anaubwezera pamalo pake, koma dzanja lothyoka silibwezeredwa choncho.

M'mawa mwake phiri lonse linatsika. Aakulu, aang'ono, obereka ana kumsana, onse. Chikopa anamenya, ngo... ngo... Anakuwa, "Ndaziona, thamanga! Khala uko!" Lero ndiye akuitana mwana, taonani!

Ndaziona anakhala, analowa mumpata bwinobwino, ngo-ngolo-ngo. Anyani anaima, makutu tcheru. Kenaka zii, zimene mwana anaphunzira zinathera pomwepo. Anayambiranso, ngo-ngolo-ngo, zii. Anayambiranso, zii.

"Pitiriza, mwana wanga!"

"Ndipitirize chiyani, agogo? Ndi pomwe tinafika."

Anyani anayang'anana. "Kuli nkhalamba ndi mwana." Anayamba kuthyola. Anathyola kumtunda, anathyola kumunsi, anathyola mpaka pansi pa chilindo. Dzuwa lisanapendeke m'munda munatsala mapesi okhaokha.

Make Ndaziona anachita zimene ananena. Anamanga katundu, anasonkhanitsa ana. Ndaziona anagwada kutsanzika agogo ake.

"Agogo, mukanangondisiya ndilakwitse."

Mwana anasenza mtolo wake, anatsatira amake, ndipo kumudziko sanabwerenso.

Mwamva, ana inu? Ndi inunso akuluakulu mwaima kumbuyoko, musayese ndikunena ana okha. Luso limakhala m'manja, ndipo manja amapita kumanda. Mwana mukhazikeni pomwe mukuimbapo mukadali moyo, pambali panu, bondo ndi bondo. Awononge lero, awononge mawa, muyambirenso naye. M'mera mpoyamba. Mukadikira kuti akule, mudzamuitana anyani ali kale m'munda.

Nthano yanga nayo yathera pomwepo.