Khwangwala Amene Anadzola Mwaye

Kalekale, ana inu khalani chete, nanunso a Nasibeko lekani kukukuta chimanga ngati chigayo, kunali chilumba pakati pa nyanja. Pachilumbapo panali akhwangwala a mtundu wawowawo, osati awa otisokosa kudzala ayi. Iwo anali akuda bii, khosi bii, chifuwa bii, nthenga zonyezimira ngati azipaka mafuta. Poyenda ankaponya phazi limodzilimodzi, osadumphadumpha. Chakudya chawo nkhono ndi matemba. Mazira a anzawo sankawakhudza n'komwe. N'chifukwa chake mbalame zikamapita kukatola mpunga, zinkasiya khwangwala mmodzi kuti alondere zisa.

Tsono kumtunda kunali khwangwala wina, dzina lake Chikhosi, wa chifuwa choyera mbuu, wamkulu thupi, wamkulunso dyera. Atamva zoti kuchilumba amasiyira khwangwala mazira, malovu chuchuchu! Analowa m'kanyumba kowambira nsomba, nadzola mwaye pakhosi, mwaye pachifuwa, mpaka anada bii. Kenako phaphapha, ulendo wa kuchilumba.

"Odi kuno abale!" anatero. "Ndine wanu ine. Mphepo inanditaya ndili mwana. Ndabwera kudzakutumikirani. Ulonda wa mawa ndipatseni ine, inu mupumuleko."

A Makala, mkulu wa akhwangwala, anamuyang'ana kamodzi kokha. "Wakuda ngwathu," anatero. Paja ulondawo unali utawakwana.

Koma panali kambalame, Timba, ka mazira atatu m'chisa. Chaka chathacho mng'azi unam'dyera onse, ndipo awa ankawakonda koposa moyo wake. Timba anam'penyetsetsa mlendoyo, mtima phaa! Nthenga zakuda inde, koma pachifuwa zosanyezimira. Poyenda, jowu jowu jowu. Anzake akuyang'ana kumadzi, iye maso ali m'mitengo, kuwerenga zisa.

"A Makala," anatero Timba, "mlendoyu akudumpha."

"Ndi chimwemwe, mwana iwe."

"Nanga chifuwa chosawalacho?"

"Ndi mavuto a kumtunda. Iwe kamutu ngati nsawawa ungatiphunzitse ife kudziwa khwangwala? Wakuda ngwathu!"

Akuluakulu ena onse: "Ngwathu, ngwathu!" Ha, uchitsiru ukavala imvi umavuta, ana inu.

Timba anapsa mtima, misozi ili lengelenge. Anazungulira m'bango, anazungulira, mpaka anapeza mlamba wakufa, wonona, utakodwa pa madzi ofika m'khosi mwa khwangwala.

M'mawa mbalame zitasonkhana kuti zinyamuke, Timba analankhula mokweza, koma mwaulemu wake wonse.

"A Chikhosi, mlonda salondera ndi njala. Ndakupezerani mlamba apo pabango. Koma pepani, uli m'madzi. Ngati madzi simuwakonda, ndiwapatse a Makala."

Chikhosi anayang'ana madzi. Anayang'ana chifuwa chake. Anayang'ananso mlamba, mafuta ali nyezinyezi. A Makala n'kuti atayamba kale kusendera.

"Ndani sakonda madzi?" anakuwa Chikhosi. "Ine wobadwira pano?"

Khuvuu!

Anagwira mlamba kumutu, kukoka, osatheka. Kukoka, osatheka.

"Lowani pansi, a Chikhosi!" anatero Timba. "Wakodwa kumchira!"

Chikhosi mutu ubwi! Kutuluka, ubwi! Madzi ozungulira pamenepo anayamba kuda ngati munthu watsukiramo mphika. Iye osaona, maso ali pa nsomba. Pomaliza anauzula mlambawo, natuluka monyada, chifuwa patsogolo, chili mbuu kuyera.

Chilumba chonse zii.

"Bwanji?" anafunsa Chikhosi, nsomba ili kukamwa.

"Palibe," anayankha Timba. "Tikungosirira malaya anu atsopanowa."

Chikhosi anaweramira pansi. Mlamba phwa! "Abale, ndi imvi izi! Zimayambira pachifuwa kwathu... ndikutanthauza kwathu kuno!"

Aaa, sanamalize. Akhwangwala anam'gwera, jompho kumutu, jompho kumsana, nthenga zili mbwee m'mwamba. Kuti auluke, mapiko anyowa. Anathawa chodumpha, jowu jowu jowu, mpaka anauluka movutikira, mchira atausiya pachilumba.

Fumbi litatsika, a Makala anakonza pakhosi, mlamba uja ali ataupondera kale.

"Ine ndinam'kayikira kuyambira dzulo," anatero. "Kudumpha kuja, chifuwa chija. Ndimangofuna ndione ngati ana inu muli maso."

"Ifenso, ifenso!" anavomera akuluakulu.

Timba anauluka n'kukakhalira mazira ake, atatu onse ali bwinobwino. Ngakhale chipsepse cha mlamba sanam'gawireko.

Nthano yanga yafera pomwepa, wofuna ina akatole nkhuni. Koma kumbukirani, ana inu: mlendo mum'dziwe ndi mayendedwe, mtundu wa nthenga amachita kudzola. Ndipo mukapulumutsa mudzi muli wamng'ono, musadikire zikomo. Nsomba adzadya ndi amene anakutukwanani.