Mbande za Pamutu pa Tuncay

Kakhitchini ka tiyi ka Tuncay kanali kunsi kwa masitepe, m'kanjira ka masitolo a nsalu mumzinda wa Istanbul. Kanali kochepa moti mwini wake akatambasula manja amagunda makoma onse awiri, koma mawu ake amamveka mpaka kumsewu. Tsiku lonse amakwera ndi kutsika ndi timatambula ta tiyi wofiira, ndipo paliponse pamene waika tambula amasiyaponso nthabwala.

Nthabwala zake zotchuka zinali za alendo. Chaka chonse m'misewu ya kumeneko mumadutsa amuna ochokera kumayiko akutali odzawokeretsa tsitsi, mitu yometa, lamba wakuda pamphumi, pamwamba pali timadontho tofiira tondandalika bwino ngati bedi la mpiru. Tuncay akaona mmodzi amatulutsa mutu pakhomo n'kulengeza kuti dimba loyenda ladutsa, wina athamange akayinge mbalame. Ogulitsa nsalu amaseka mpaka kugwira m'mimba. Zonsezi amanena mutu wake womwe uli mbee, pakuti dazi linamupeza akadali mnyamata, ndipo iye ankati udzu sumera panjira yodutsa nzeru.

Dazilo silinamuvutepo mpaka pamene anakonda Nermin, mayi wamasiye wosoka makatani m'chipinda cham'mwamba. Awiriwa anamvana mwakachetechete, monga amachitira anthu amene ubwana unawathera. Anapangana kuti abale a Tuncay adzapita kukafunsira mbeta kwa a Cevdet, bambo a Nermin, nkhalambayo ikadzabwerako kumudzi kokolola mtedza wa m'mitengo, ndipo ukwati udzakhale chaka chamawa. Tsiku lina mnzawo anawajambula ali limodzi pamasitepe. Tuncay atayang'ana chithunzicho anaona Nermin wokongola ngati duwa, ndipo pambali pake nyali ya kudenga ikudziyang'anira pamutu pa munthu. Sabata yomweyo anakagogoda mobisa kuchipatala chowokera tsitsi, kutsidya kwa nyanja kumene kunalibe omudziwa.

Dokotala wake anali mayi wofatsa, wosachulutsa gaga m'diwa. Anamuweramitsa, napapasa kunkhongo kumene tsitsi linatsalako, n'kumuuza kuti nazale yake ndi yaing'ono ndithu. Mbande zinalipo zokwanira kuwokera kamodzi kokha, ndipo zikafa sipadzakhala pena pozula. Anamulangiza kuti masiku oyambirira mizu imakhala isanagwire, choncho pamutu pasakhudze kanthu, pasafike thukuta kapena nthunzi, akhale pakhomo, ndipo akafuna kutuluka avale kachipewa kotakasuka kamene chipatala chimapereka. Tuncay anavomera zonse ndi mutu monga munthu womvera ulaliki maganizo ali kumsika. Maso ake anali pagalasi, pamene dokotala anali atamulemba ndi cholembera mzere wa pomwe tsitsi lidzayambire. Mzerewo unamubwezera zaka zambiri nthawi imodzi.

Kumasitolo anasiya uthenga woti wapita ku Bursa kukazonda mchemwali wake. Anagona pabedi la chipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anamwino akuzula kumbuyo n'kubzala kutsogolo, kamodzikamodzi, iye akuwasimbira nkhani mpaka mmodzi anamupempha kuti aleke kuwaseketsa, manja angaphonye. Anafika kunyumba mtima ukuvina. Anaima pagalasi n'kumapendeketsa mutu uku ndi uku, akusankha mbali imene adzapesere. Anayesa ndi kugwedeza mutu monga amachitira anyamata pochotsa tsitsi m'maso, kenaka anadziseka yekha.

Asanathe masiku awiri ali m'nyumba, foni inalira. Anali Hikmet, msuweni wake wamkulu, wogulitsa nsalu za masuti, amene anasankhidwa kukhala womulankhulira.

“Iwe mphongo, siya mchemwali wakoyo achire yekha, bwera msanga. Nkhalamba yasintha maganizo. Akuti sangapite kumudzi nkhani ili lende, atilandira Lamlungu likubwerali.”

“Lamlungu lomweli, achimwene?”

“Ukufuna la chaka chamawa? Komanso tiyi wa munthu amene unatisiyira uja ndi madzi otsukira mbale. Mawa tikuone.”

Tuncay anavina yekha pakati pa chipinda, manja m'mwamba, zala zikulira. Atatembenukira kugalasi, dansi inathera panjira. Amene anamuyang'ana m'menemo anali dimba loyenda, lamba wakuda pamphumi, timadontho tofiira tili ndanda. Anatenga kachipewa ka kuchipatala n'kukayesa. Kameneko ngakhale mphaka wa m'kanjira kawo amakadziwa. Anaona m'maganizo ogulitsa nsalu atatsamira pamakomo, aliyense atasunga nthabwala imene iye mwini anawaphunzitsa. Kunena kunali kosavuta: mawu awiri kwa Hikmet, mawu awiri kwa Nermin, tsiku likanasunthidwa. Koma lilime linakana. Anatsegula bokosi la zovala zakale, natulutsa chipewa cha ubweya cha malemu bambo ake, chothina, chimene ankavala popha nsomba m'nyengo yozizira, nachikokera mpaka m'makutu.

Unali mwezi wa Ogasiti, pamene phula la mumsewu limafewa ngati phala. Tuncay analowa m'kakhitchini kake atavala ubweya, naweramira pa ketulo yofuka nthunzi. Hikmet atamuona anafunsa ngati ku Bursa kukugwa matalala. Wina anati mwina mkwati akufungatira mazira. Tuncay anayankha kuti chimfine chamulowa m'makutu, ndipo sing'anga wamuletsa mphepo. Tsiku lotsatira nkhope inatupa, monga dokotala ananenera, kutupako kunatsikira m'zikope mpaka maso anatsala timing'alu. Apo anati njuchi zamuluma kwa mchemwali wake. Anthu anaseka, nati njuchi za ku Bursa n'zaulemu, zimadikira munthu afike kwawo kuti atupe.

Komabe chimwemwe chinali chochuluka kuposa kuyabwa. Anakwera masitepe akuimba, anakayesa suti kwa telala, anaitanitsa maluwa ndi mbale ya chokoleti yokulunga m'nsalu yonyezimira. Thukuta limayenderera kunsi kwa chipewa, pamutu pamayabwa ngati pagwa chitedze, iye n'kumakanda pamwamba pa ubweya ndi msana wa supuni. Madzulo oyamba atavula chipewa anapezamo titsitsi tingapo tomatirira ndi nkhanambo, koma anadzitonthoza kuti m'munda simulephera kufa mbande ziwiri zitatu. Mawa lake chipewa chinakana kuchoka bwinobwino, ndipo iye anangochisiya pomwepo. Akuchipatala anaimba kumuitana kuti akamutsuke mutu, iye anati ali pa ulendo.

Nermin yekha ndiye sanaseke. Tuncay atamubweretsera tiyi, mayiyo anaimitsa makina, namuyang'ana nthawi yaitali.

“Tuncay, ngati simuli bwino nenani. Bambo sakuthawa, ine sindikuthawa. Tikhoza kudikira abwereko.”

Tuncay anatsala pang'ono kuulula. Koma anaona m'maso mwa mayiyo mmene amamuonera, mwamuna wosaopa pakamwa pa munthu, woseka dazi lake lomwe, ndipo anachita manyazi kuti adziwike kuti galasi linamugonjetsa. Anati ndi chimfine chabe, Lamlungu adzakhala ngati mwana wa ng'ombe.

Lamlungu masana anakwera masitepe a kwa a Cevdet, Hikmet patsogolo ndi mkazi wake, Tuncay pambuyo atanyamula maluwa, suti yatsopano pathupi, chipewa cha asodzi pamutu. Hikmet anamunong'oneza katatu panjira kuti avule chinthucho, iye anangoti akavula akafika. Anasiya nsapato pakhomo. M'chipinda munadzaza azakhali ndi azilamu, onse ovala za paphwando, nkhope zowala. Pampando wa pawindo panakhala a Cevdet, nkhalamba yaing'ono ya ndevu zoyera, maso atachita nkhungu ndi ukalamba. Anatambasula dzanja.

Tsono kumeneko dzanja la mkulu amalipsompsona n'kuligunditsa pamphumi, ndipo palibe mwana wa munthu amene amaligunditsa pa chipewa. Tuncay anawerama, napsompsona, n'kuima pomwepo dzanja lili m'manja. A Cevdet anapapasa ndi zala, nakhudza ubweya.

“Mwana wanga, m'nyumba muno mukudontha?”

“Iyayi, bambo.”

“Nanga wabwera kudzafunsira mbeta kapena kudzagulitsa nsomba?”

Chipinda chonse chinaseka mokoma, kuseka kwa anthu amene amukonda kale mlendo. Apa ndiye panali pakhomo potulukira, potseguka bwino. Tuncay anayang'ana azakhali, anayang'ana Hikmet amene maso anali atamutuzulira, ndipo m'malo motsegula pakamwa anagwira chipewa n'kuchizula kamodzi. Chinamveka ngati munthu akung'amba chigamba. Anachifinyira m'thumba msangamsanga, nagunditsa dzanja la nkhalamba pamphumi, n'kukhala ataweramitsa mutu.

Kuseka kunazima, koma a Cevdet sanaone kanthu. Anakondwa ndi ulemuwo, natenga botolo la madzi onunkhira ndimu amene mlendo aliyense amathiridwa m'manja, nathira m'manja mwa Tuncay. Kenaka, mwa chizolowezi chawo ndi ana ndi adzukulu, anadzaza chikhatho chawo n'kumusisita nacho pamutu, kuchokera pamphumi mpaka paliwombo, akumudalitsa. Madzi amenewo amaluma ngakhale pa kachilonda ka lumo. Tuncay anaona nyenyezi masana. Analuma mano, misozi ili mbwe, osatulutsa ngakhale liwu limodzi.

Nthawi yomweyo Nermin analowa ndi khofi. Anaona kamzere ka magazi kakutsika pakati pa nsidze za mkwati, anaona pamutu pofiira ngati munda umene mwadutsa nguluwe. Anaika mbale ya khofiyo pathebulo pang'onopang'ono.

“Bambo, chotsani dzanja. Tuncay, mwachita chiyani?”

“Ndinawokeretsa tsitsi,” anatero ndi mawu a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. “Ku Bursa sindinapite.”

Mapewa a Hikmet anayamba kugwedezeka ndi kuseka. Anayesa kubisa nkhope m'maluwa koma sizinathandize. Azakhali anagwira pakamwa, wina anathamangira madzi ndi nsalu yoyera. A Cevdet anakhala dzanja lili m'mwamba, akufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo atawafotokozera anapukusa mutu mwachisoni.

“Ndiye osanena bwanji, mwana wanga? Theka la mzinda uno likudya za pamitu ya anthu. Ukanati, bambo, pamutu pali mbewu, ine ndikanakupatsa dzanja n'kubisa botolo. Ndine mlimi ine, sindiponda pobzala.”

Nermin anamukhazika Tuncay pampando namupukuta pamphumi mosamala, akumukalipira chapansipansi kuti iye anamukonda nyali ikuwala pamutu pomwepo, ndipo sanatumepo munthu kukamusakira wa tsitsi. Hikmet atapezanso mpweya anaimirira, nakonza jekete, napempha mbeta m'dzina la Mulungu monga mwa mwambo, mawu akunjenjemera ndi kuseka kotsalira. A Cevdet anati munthu amene wapirira madzi a ndimu pachilonda osakuwa adzapiriranso banja, ndipo anapereka mwana wawo. Khofi wa mkwati anali wothira mchere, monga amachitira akwatibwi poyesa mwamuna, koma Tuncay anamwa yense osakwinya nkhope, pakuti pa zowawa za tsikulo ameneyo anali uchi. Mphete zinavalidwa, m'nyumba munadzaza nyimbo, ndipo iye anavina nsalu yonyowa ili pamutu.

M'mawa mwake Nermin anamuperekeza kuchipatala. Dokotala anayang'anitsitsa pamutupo. Kenaka anati mbande zambiri zinapita ndi chipewa, zotsala zinapsa ndi thukuta ndi kukanda, ndipo pena payamba mafinya. Chilonda adzachiza, chimenecho si chovuta. Tuncay anafunsa ngati angadzabwerenso chikapola. Mayiyo anamugwira kunkhongo mofatsa, nati kumeneko kwatsala kongophimba khungu, akazulanso ndiye kuti dazi lidzakhala mbali zonse ziwiri.

Kumasitolo nkhani inafika iye asanafike. Anamulandira ndi kuwomba m'manja, wina anamuikira kathini kothirira maluwa pakhomo pa kakhitchini, wina anadzipereka kuyinga mbalame. Anaseka tsiku loyamba, anasekanso lachiwiri, Tuncay naye anaseka nawo, ndipo anadabwa kuona kuti sizikupweteka monga ankaopera. Sabata isanathe anthu anatopa nazo, anayamba kukamba za mpira ndi kukwera mtengo kwa nsalu. Wogulitsa mabatani wina anafika pomukokera pambali n'kumufunsa monong'ona dzina la dokotala uja.

Miyezi itapita, pamutu pa Tuncay panamera timagulu ta tsitsi apa ndi apo, ngati udzu wopulumuka ku lupsa. Tsiku la ukwati wometa anayang'ana, napukusa mutu, nafunsa ngati achotse zonse. Tuncay anavomera. Chitonzo chimene anachiopa chinatha ngati mame a m'mawa, koma tsitsi limene akanakhala nalo mpaka ukalamba linapita osabwerera, chifukwa cha mawu ochepa amene anawatsekera m'kamwa. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.