Galimoto Yogona pa Mtsetse

Ku Ligowe, m'mapiri a ku Neno, aliyense ankadziwa kuti galimoto ya matola ya Laimoni sigona pakhomo. Inkagona pamwamba pa chitunda cha kuseri kwa tchalitchi, mphuno italoza kumunsi, mwala utatchinga tayala. M'mawa mwini wake ankangochotsa mwalawo n'kulumphira mkati, galimoto n'kutsetsereka mpaka injini itatsokomola n'kulira.

Matendawa anayamba injini yakale itafa. Binwell, makaniko wa pa boma, anamuikira ina yochokera m'galimoto yomwe inachita ngozi, ndipo inkakoka ngati ng'ombe yokhuta. Koma kuyambira pamenepo batire linkadzuka lopanda moto. Masana ukapotokola kiyi galimoto inkalira bwinobwino. Ikangogona usiku umodzi, kiyi ankangoti khe, kenaka zii.

"Achimwene, m'galimotomu muli mbala," anatero Binwell. "Chilipo chikuyamwa moto inu muli mtulo. Ndisiyireni tsiku limodzi ndichisake."

"Tsiku lathunthu? Nanga amayi a mbatata aja uwabereka iweyo kumsana mpaka ku Zalewa?" anaseka Laimoni. "Vuto ndi batire, lakalamba ngati apongozi ako."

Anagula batire lina, nalonso linadzuka lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Binwell akamukumbutsa, iye ankangotulutsa dzanja pawindo galimoto ikuyenda. "Mawa, bwana makaniko! Chitunda changa sichidwala!" Mawa uja anakula mpaka kumera ndevu.

Laimoni anali ndi mkulu wake, Kalisto, amene anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, atakangana ndi anyamata okakamiza anthu makadi pamsika. Anachoka ali mnyamata, ndipo sanamvekenso. Mayi awo, a Rute, anakana kumulira maliro. Mavoti atadutsa, ana a eni anayamba kutulukira mmodzimmodzi, wina kuchokera ku Zambia, wina ku Tanzania. A Rute ankapita kukalonjera pakhomo paliponse pofika mlendo wotero, n'kubwerako opanda uthenga wa mwana wawo. Madzulo Laimoni akafika, funso linali lomwe lija: "Kumsewuko sunamveko kanthu?"

Tsiku lina anamvadi kanthu. Dalaivala wina anamupeza pa Zalewa n'kumuuza kuti Kalisto ali moyo, amayendetsa lole ya kampani ina ya ku Harare. Loweruka adzadutsa pamenepo kuchokera ku Blantyre kulowera kuchipata cha Mwanza. Katundu ndi wa eni, sangakhote kukwera naye mapiri, koma adzaima kudikira mayi ake mpaka dzuwa lifike pamutu.

Inali nthawi ya dzinja, pamene msewu wotsika kumapiri umaterera ngati therere. Laimoni anaganiza bwino ndithu: atsike Lachisanu, akagone kwa achibale ku Lisungwi, m'mawa angomaliza kamtunda kotsalako. A Rute anavala chitenje cha kutchalitchi, namanga miyendo tambala wamkulu pakhomopo. Njira yonse ankafunsa mafunso opanda wowayankha. "Kodi adakali kudya chimanga chootcha mothamanga muja? Nanga ineyo akandizindikira, mano anathawa?"

Koma kumene anakagonako n'kwathyathyathya ngati chikhatho. Laimoni anazungulira kufuna kachitunda, osakapeza. Anazimitsa injini pansi pa mtengo wa mango n'kudzitonthoza kuti mwina lero mbala ija ipumula.

Mbala sipumula. Kutacha, kiyi anangoti khe. Mvula inali itagwa yambiri, bwalo lonse lili matope okhaokha. Amuna a m'mudzimo anavula nsapato n'kukankha, koma Laimoni akati aponye giya, matayala ankangokhwekhwereka osazungulira. Anakankha mpaka ena kugwa chafufumimba. Anathamangira kumsewu, koma tsiku la mvula ngati limenelo panalibe galimoto ina yotsika. Batire lina m'dera lonselo linali la mwini chigayo, ndipo iye anali atapita kumaliro, makiyi ali m'thumba. Nthawi yonseyi a Rute anakhala pampando wakutsogolo, tambala ali pamiyendo, maso ali kudzuwa limene linkakwera kuseri kwa mitambo. Sanamunyoze mwana wawo. Akanamunyoza zikanapepukako.

Galimoto inalira mwini chigayo atabwerako kumaliro n'kuwabwereka batire. Anafika pa Zalewa dzuwa litapendeka. Pomwe pamaima malole panali matope ndi mapazi a matayala basi.

"Mukufuna bambo a lole yoyera aja?" anafunsa mayi wina wootcha chimanga m'mbali mwa msewu. "Ayi, anadikira, ndisaname. Matola iliyonse yochokera ku Neno amaithamangira n'kusuzumira nkhope imodziimodzi. Dzuwa linapitirira pamutu iwo ali pompano. Mnzawo ndiye anachita kuwakoka, akuti chipata chiwatsekera."

A Rute anatsika pang'onopang'ono n'kukakhala pansi pafupi ndi mbaula ya mayiyo.

"Mwanangu, tandiuza. Ndi wonenepa?"

"Apakatikati, amayi. Ali ndi imvi cham'mbalimu."

"Imvi! Kalisto imvi?" Anaseka pang'ono, kenaka anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Nanga mawu ake? Akuyankhulabe Chichewa chathu?"

Anamufunsa mayiyo mpaka makala kuzima, ngati munthu wokokota mphika umene adyera ena. Laimoni anaima poteropo, kiyi ali m'manja, osadziwa koyang'ana.

Lolemba anakaisiya galimoto kwa Binwell popanda nthabwala. Binwell anamasula waya wina kumutu kwa batire n'kulumikiza kababu pakati. Kiyi ali kunja, kababu kanayaka. Anazula mafyuzi imodziimodzi, kababu kali ngwee. Atamasula waya wonenepa wa kuolitaneta, kachipangizo kodzaza moto m'batire kamene kanabwera pamodzi ndi injini ija, kababu kanazima.

"Mbala yanu ndi imeneyi. Masana imadzaza, usiku imabanso zomwe yadzazazo." Tiyi amene Binwell anamusiya pabenchi anali asanazizire n'komwe. "Komatu achimwene, mukanandipatsa mpata ndikanakuuzani ngakhale ichi chokha: pogona kungomasula waya uyu, m'mawa n'kubwezera. Ikanalira."

Galimoto inachira, ndipo masiku ano imalira paliponse, koma kampani ija inamusinthira Kalisto ku msewu wa ku Joni. A Rute amakwera nawo matola Loweruka lililonse, n'kukakhala pa Zalewa kuwerenga nkhope za madalaivala a eni.

Kanthu kakang'ono ukakauza kuti mawa, kamasankha kokha tsiku lokuyankha. Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.