Bakha Adwazika Mphaka Wotsekula M'mimba

Pakhomo pena, m'masiku amene ziweto zinkachezerana ngati anthu, Bakha ndi Mphaka ankadalirana kwambiri moti ankaitanana kuti mlamu. Bakha anali ataikira mazira pansi pa nkhokwe ndipo ankawafungatira. Mphaka ndiye ankalondera pomwepo kuti makoswe asayandikire. Bakha ankadziwa bwino kuti mlondayu akangofooka, mazira ake apita.

Bakhayu anali wamtima wabwino, koma mutu wake unali ngati nyumba yopanda chitseko, aliyense wolankhula ankangolowamo. Wina akamuuza kuti mvula ikubwera, ankavomera. Wina akati kunja kuli ngwee, ankavomeranso, kenaka n'kuima pabwalo khosi litapendekeka, kudabwa kuti zonse ziwiri zatheka bwanji. Mphaka naye anali ndi lake vuto, ulemu wopitirira muyeso. Mawu oti ayi ankamulemera pakamwa.

M'mawa wina Mphaka anadzuka m'mimba mukubangula. Anathamangira kuseri kwa khola, anabwerako, asanakhale n'komwe pansi anathamangiranso komweko. Bakha, ali pamazira ake, ankangotembenuza mutu uku ndi uku mpaka khosi linamupweteka.

"Mlamu, kodi kuseriko kwagwa makoswe?" anafunsa Bakha.

"Ayi mlamu," anayankha Mphaka motsitsa mawu. "Ndatsekula m'mimba."

Bakha anadzuka, anapita kuseri kwa khola kukaona yekha, ndipo anabwerako atasokonezeka. "Koma ine sindinaonepo cholakwika," anatero. "Zamadzimadzi chonchija, si mmene zimayenera kukhalira? Ife abakha mtundu wathu wonse timatero, ndipo palibe amene anadwalapo nazo."

Mphaka anangogona cham'mbali, maso atalowa m'kati, ubweya utaima nyaunyau. Bakha atamuona choncho, mantha anamugwira, chifukwa ngakhale matendawo sanawamvetse, mlonda wogona pansi anamumvetsa. Anathamangira kukhola akukuwa kuti pakhomo pagwa matenda.

Tsono pakhomopo panali mwambo wozonda odwala, ndipo ziweto zinkautsata kwambiri. Wodzazonda ankabwera ndi kachakudya m'manja, ndipo wodwala ankayenera kudya, chifukwa kukana kunali kunyoza amene wakuganizira. Komanso wodzazonda aliyense, kaya ndi ndani, sankabwezedwa pakhomo. Mwambo wabwino ndithu, koma amene anauyambitsa sanaganizireko za m'mimba mwa mphaka.

Woyamba kufika anali Ng'ombe, mayi wamkulu amene ankakhulupirira kuti palibe matenda oposa mkaka. Anatula mbale yodzaza n'kukhala pansi mwaulemerero.

"Pepani ndi matendawa, a Mphaka. Imwani, musasiyeko. Thole langa lija mumaliona? Lakula ndi umenewu basi."

Mphaka anayang'ana mkakawo, m'mimba mwake munalira ngati ng'oma yonyowa. Anayang'ananso nkhope ya Ng'ombe, ndipo anamwa wonse. Ng'ombe asanamalize kutsanzika, wodwala anali atazimirira kale kuseri kwa khola.

"Mwaona?" anatero Ng'ombe. "Wayamba kale kuthamanga. Mphamvu zimenezo."

Bakha anavomera ndi mtima wonse. Zoonadi, wodwala amene anali thapsa uja tsopano ankathamanga.

Kenaka kunabwera Mbuzi, amene moyo wake wonse ankakhulupirira masamba. Atamva za mkaka anagwira m'mutu. "Mayi Bakha, mukufuna kutiphera mlonda? Wotsekula m'mimba amafuna masamba a gwafa, atafune mpaka nsagwada zitope. Mkaka ayi, asaununkhize n'komwe."

Bakha anavomeranso. Mphaka, amene chibadwire anali asanatafunepo tsamba la mtengo, anatafuna misozi ikulengeza. Anameza, anathokoza, kenaka anasanza zonse.

Wotsiriza tsikulo anali Nkhumba, amene nzeru zake zonse zinali m'mimba. Anabwera akukoka chidebe cha madeya osakaniza ndi mafuta otsala m'chiwaya. "Nkhani yake ndi yapafupi," anatero akupumira m'mwamba. "Zikamatuluka zambiri, lowetsani zambiri kuposa pamenepo. M'mimba mukadzaza, mudzatseka mokha."

Alendo atapita, Bakha anatsala ndi mbale, mulu wa masamba ndi chidebe. Anaima pakati pa zitatuzo mutu utaima. Ng'ombe anati mkaka, Mbuzi anati mkaka ayi, Nkhumba anati chilichonse bola chichuluke, ndipo onsewo anali akuluakulu olankhula motsimikiza. Ataganiza mpaka mutu kuwawa, nzeru inamubwerera imene iye anaiona ngati yakuya kwambiri. Anathira mkaka m'madeya, anafinyiramo masamba, n'kutakasa ndi mlomo wake.

"Apa ndiye palibe amene tamunyoza," anatero mokondwa. "Idyani, mlamu."

Mphaka anatsegula pakamwa ngati anene kanthu. Koma anaona mmene Bakha anavutikira, mlomo wonse uli madeya okhaokha, ndipo anachita manyazi. Anadya.

Kutacha, Mphaka sankathanso kufika kuseri kwa khola. Ankangokwawa pang'ono n'kugwa, mbali zake zitaphwa, mphuno itauma. Ozonda aja anabweranso ndi mphatso zomwe zija, ndipo ulendo uno anaganiza zopita okha kukaona chimbudzi cha wodwala kuti adziwe ngati mankhwala akugwira. Anazungulira pamalopo ngati akuweruza mlandu.

"Sizinafike," anatero Mbuzi. "Wochira amatulutsa timibulu touma, tozungulira bwino."

"Timibulu?" anadabwa Ng'ombe. "Ameneyo ndiye wodwala! Wamoyo amasiya mulu umodzi wofewa, wotambalala."

"Ine sindiyang'anako zimenezo," anatero Nkhumba. "Bola kudya."

Onse anatembenukira kwa Bakha kuti agamule. Bakha anayang'ana Mbuzi, anayang'ana Ng'ombe, anayang'ana pansi. "Kunena zoona," anatero pang'onopang'ono, "kwa ine izi zikuoneka bwinobwino, ngati zanga. Ndiye mwina sakudwala? Koma nanga bwanji sakudzuka?"

Mkangano unabuka, aliyense akutamanda chimbudzi cha mtundu wake. Mphaka anamva zonse ali gone, ndipo manyazi anamupweteka kuposa m'mimba. Anabisa nkhope m'miyendo yake yakutsogolo. Pa onse amene ankakangana za iye, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana.

Apo n'kuti mbiri ya matenda itafika kale kuuna kwa makoswe. Dzuwa lili paliwombo, ozonda ena aja atapita kukadya, Bakha anamva kuodira kwa mawu aang'ono. Atasuzumira, nthenga zinamuimirira. Anali Khoswe, atanyamula kachigubu ka chambiko, nkhope ili yachisoni ngati wabwera pamaliro.

Mtima wa Bakha unamuuza kuti amuthamangitse. Koma mutu wake unamukumbutsa kuti wodzazonda sabwezedwa. Mtima ndi mutu zinakokanakokana, ndipo mapeto ake anamva pakamwa pake pakunena kuti, "Fikani, a Khoswe."

Khoswe anakhala pansi mwaulemu, maso akuponya pamazira kamodzikamodzi. "Pepani ndi matenda, mayi. Ife ndi a Mphaka timasiyana maganizo, koma matenda ndi a tonse. Mukuwapatsa chiyani?"

Bakha anafotokoza zonse, ndipo anamva kupepukidwa kuti wapeza womumvetsera. Anafotokoza za mkaka, za masamba, za madeya, ndi za nzeru yake yosakaniza ija. Khoswe ankangogwedeza mutu mogoma.

"Mwachita bwino kwambiri, musasinthe kanthu," anatero Khoswe. "Chalakwika ndi chimodzi chokha. Gwafa wa pakhomo pano ndi wofooka, anazolowera madzi otsukira mbale. Wamphamvu ali kutsidya kwa dambo. Ine ndikanapita, koma kusambira sinditha."

"Nanga mazira anga?" anafunsa Bakha.

"Mazira amathawa? Ine ndikhala pompano ndi odwala. Fulumirani, mayi, mukuona nokha mmene akupumira."

Mphaka anadzutsa mutu movutikira. "Mlamu," anatero. Koma maso ake anakumana ndi a mlendo, ndipo kunenera mlendo zoipa iye ali pomwepo chinali chinthu chimene Mphaka anali asanachitepo. Anagonekanso mutu pansi.

"Wodwala asalankhule, atopa," anatero Khoswe mwachifundo.

Bakha anaima mwendo umodzi uli panja, wina uli m'kati. Akakhala, Mphaka afa, ndipo mazira apita. Akachoka, mazira atsala ndi Khoswe. Koma Khosweyo si uyu wabwera ndi chambiko, ndipo wayamikira ntchito yake pamene ena onse sanamuyamikirepo? Mutu unazungulira, ndipo monga mwa chizolowezi chake, anatsata mawu amene anawamva pomaliza. Ananyamuka ulendo wa kudambo akudzandira ndi liwiro.

Anawoloka, anapeza mtengo wa gwafa, ndipo anadabwa kuona kuti masamba ake sankasiyana konse ndi a kunyumba. Anathyola ndithu, poganiza kuti mwina mphamvu yake ndi yosaoneka ndi maso. Pobwerera anathamanga kwambiri, chifukwa mtima unali utayamba kumuuza zimene mutu unakana kumva.

Atafika pansi pa nkhokwe, masamba anagwa okha pakamwa pake. M'chisa munali makoko okhaokha. Mapazi a makoswe anali ponseponse, aakulu ndi aang'ono, kusonyeza kuti mlendo uja anaitana mtundu wake wonse. Mphaka anali thapsa pafupi ndi chisa, fumbi lili thupi lonse. Anali atakwawa kuchoka pamene anagona, koma mphamvu zinamuthera atatsala pang'ono kufika, ndipo zonse zinachitika iye akuona.

Bakha analira kulira kwenikweni. Anatembenuza makoko limodzilimodzi ndi mlomo, kufunafuna dzira lotsala, koma panalibe. Chisoni chake chinali chachikulu, ndipo chimene chinkamupweteka koposa n'chakuti sankamvetsabe.

"Ndalakwa pati?" anafunsa akusisima. "Zonse zimene anandiuza ndinachita. Sindinasiye ndi chimodzi chomwe."

"Munachitadi zonse, mlamu," anayankha Mphaka chapansipansi.

Bakha anakhala pansi pambali pa chisa chake. Panalibenso wina womuuza chochita, ndipo m'mutu mwake munali zii kwa nthawi yoyamba. Kenaka anayang'ana wodwala wake bwinobwino, ngati akumuona lero.

"Kodi inuyo, m'mimbamo munayamba bwanji?"

"Ndinamwa mkaka wogona," anatero Mphaka. "Ife amphaka tikakula, mkaka timaukonda ndi pakamwa pokha, m'mimba sumakhazikika."

"Mkaka!" anakuwa Bakha. "Ndiye ine n'kumakuthirirani womwewo? Nanga mukadwala chonchi mumadya chiyani?"

"Madzi oyera, pafupipafupi. M'mimba mupume kaye. Kenaka timatemba towiritsa, topanda mchere, topanda mafuta, pang'onopang'ono. Basi."

Bakha anangoti kukamwa yasa. Matemba! Iye amene ankasambira pakati pa matemba tsiku lililonse, mpaka kumawakankha ndi mapazi kuti adutse.

"Bwanji osanena?" anafunsa, ndipo ulendo uno m'mawu ake munali mkwiyo.

"Palibe anandifunsa," anatero Mphaka. Kenaka anawonjezera, "Ndiponso ine ndinaopa kukhumudwitsa alendo. Ulemu wanga wadyetsa ana anu kwa makoswe."

Bakha anapukuta misozi ndi phiko. Anataya mkaka, anataya madeya, anakankhira masamba kutali ndi chambiko cha Khoswe chomwe. Anatunga madzi oyera n'kumamwetsa wodwala pang'onopang'ono, ndipo m'mimba mutayamba kukhala bata anapita kudambo kukagwira matemba.

Ozonda aja atabweranso ndi katundu wawo, anapeza Bakha ataima panjira. Kukana kunali kwachilendo kwa iye, koma sanasunthe. "Zikomo kwambiri, akuluakulu," anatero. "Khalani pansi muwaone odwala, koma zakudyazo mubwerere nazo." Ng'ombe anakwiya, Mbuzi anang'ung'udza, Nkhumba anangodya yekha zimene anabweretsa.

Posakhalitsa m'mimba mwa Mphaka munatseka. Maso anabwerera, ubweya unagona, ndipo makoswe anasiya kuyenda masana. Ng'ombe ankauza aliyense kuti mkaka wake ndi umene unagwira mochedwa, Mbuzi naye ankatamanda gwafa, ndipo Bakha sanawatsutse.

Mphaka anabwerera pa ulonda wake pansi pa nkhokwe, maso ali tcheru kuposa kale. Koma panalibenso choti alondere. Nyengo imeneyo nkhuku zonse za pakhomopo zinkayenda ndi anapiye pambuyo, pamene Bakha ankapita kudambo yekha n'kubwerako yekha.

Phunziro: Chimene chimachiritsa iwe sichichiritsa aliyense. Ukamadwazika matenda, yamba wafunsa wodwalayo usanatole malangizo a wodutsa aliyense. Ndipo iwe wodwala, chimene chikukupweteka uchikane msanga, chifukwa ulemu wosalankhula umapweteketsa ndi amene akukusamalira omwe.