A Sayansi ndi Chitsekerero cha Botolo

Kuseri kwa msika, pakati pa shopu ya okonza mawailesi ndi kachipinda ka ometa tsitsi, panali nyumba yosindikizira mapepala. Ukalowa, fungo la inki linkakulandira usanaone munthu. Mwini wake anali bambo wina wamfupi, wadazi, wa magalasi ochindikala, amene aliyense ankawatchula kuti a Sayansi. Dzinali anawapatsa ndi anthu onyoza, koma eni ake analilandira ndi manja awiri, mpaka kulisindikiza pachitseko ndi zilembo zikuluzikulu.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Makhadi a ukwati, malisiti, makalendala, zonse zinkatuluka m'makina awo zili mbee, mzere uliwonse woongoka. Koma mtima wawo sunali pa makinawo. Unali kumwamba. Kwa zaka zambiri ankajambula chombo cha mumlengalenga, chachitali ngati nkhaka, chodzaza mpweya wopepuka, choti chizinyamula anthu ndi katundu popanda msewu. Wina akalakwitsa n'kuchitchula kuti chibaluni, a Sayansi ankavula magalasi.

"Chibaluni n'cha ana pa phwando, bambo. Ichi ndi chombo."

Chimene chinkadyetsa banja si chombo ayi. Akazi awo ankafinya zipatso n'kupanga chakumwa, kuthira m'mabotolo, n'kumaperekera m'magolosale. A Sayansi ankachitcha "timadzi ta amayi," ngakhale timadzi tomweto ndi timene tinkagula mapensulo ojambulira chombo. Vuto linali zitsekerero. Dzuwa likang'amba, chakumwa chinkachita thovu n'kuyamba kudontha, kireti ikamafika kwa wogula theka lili pansi, nyerere zitaitanizana. Amayiwo anadandaula mpaka pakamwa kuwawa.

Tsiku lina a Sayansi anatopa ndi phokosolo. Pofuna mtendere woti ajambulire, anadula kalabala ku makina akale osindikizira, napinda kawaya, nasema kapulasitiki, n'kuwaponyera akazi awo patebulo.

"Nachi. Tsopano mundipatseko mpata, ndili ndi ntchito yeniyeni."

Kanthuko kanali kodabwitsa. Chakumwa chikamakankha m'kati, chitsekererocho chinkakanirira kwambiri, koma potsegula chinkangofuna chala chimodzi. Amayi anagwedeza botolo, kulizondotsa, kuliika padzuwa tsiku lonse, osadontha ngakhale dontho. Anathamanga kukaitana achimwene awo, amene ankayendetsa lole pa fakitale ina ya zakumwa. Bamboyo anachitembenuza m'manja nthawi yaitali, kenako anatseka chitseko.

"Alamu, kodi mukudziwa chimene mwapanga apa?"

"Chitsekerero," anayankha a Sayansi osadzutsa mutu.

"Ichi ndi chuma, alamu. Kufakitale kwathu mabwana sagona nalo vuto limeneli. Pitani mukalembetse ku ofesi ya boma, akupatseni patenti, chikalata chonena kuti nzeru iyi ndi yanu, wina asapange popanda kukupemphani. Koma ndikutsineni khutu. Musanalembetse, musaonetse anthu m'mene chimagwirira ntchito. Kumeneko amalemba zatsopano zokha. Chimene dziko lachiona kale amati n'cha aliyense." Anatembenukira mlongo wake. "Inunso achemwali, musachiike pa mabotolo ogulitsa. Pirirani pang'ono."

Amayi anamvera. Anakulunga chitsekererocho m'kansalu, nachiika m'chitini, nachibisa pansi pa sutikesi, n'kubwerera ku zitsekerero zodontha zija. Ankati n'za sabata imodzi. Koma a Sayansi, atamva za ofesi, anadzitukumula.

"Ofesi imeneyo ndidzalowamo kamodzi, ndipo ndidzalowa ndi chombo. Munthu ngati ine ndikaime pamzere nditagwira chotsekera botolo? Akandifunsa kuti munapanga chiyani, ndizikati chivundikiro? Mukufuna anthu andiseke?"

"Akuseka kale, abambo," anatero akazi awo.

Ngakhale bwana wa fakitale anabwera yekha, atamva kwa dalaivala wake, mlamu wa a Sayansi uja. Anali munthu wa mawu ochepa ndi maso akuthwa. Anaona botolo litazondoka osadontha, koma m'kati mwa chitsekerero amayi sanamulole kusuzumira. Iye anangomwetulira.

"Mayi akuchita bwino kubisa. Bweretsani patenti, bambo, tikhale pansi tigwirizane. Sindingagule chinthu chimene mawa mnzanga angapange mwaulere."

"Dikirani chombo chiuluke," anatero a Sayansi.

"Ife ndi anthu oyenda pansi. Tidikira."

Miyezi inadutsa. Kuseri kwa shopu kunadzaza malona, nsungwi, zingwe ndi guluu. Telala wa pafupi anasoka mpaka singano kuthyoka. Makasitomala a makhadi a ukwati ankauzidwa kuti abwere mawa, ena mpaka ukwati kuchitika makhadi asanatuluke. Amayi ankapukuta makireti omata tsiku ndi tsiku, ndipo golosale ina inawauza kuti asabweretsenso. Madzulo aliwonse ankafunsa funso lomwelo, yankho linali lomwelo, lakuti zazikulu ziyambe.

Chimene chinawononga zonse ndi pakamwa pa wometa tsitsi. A Sayansi atakhala pampando kuti awasalaze m'mbali, analengeza kuti chombo chatha, chiuluka Loweruka pabwalo la mpira. Wometayo anaimitsa makina.

"Koma a Sayansi, tiuzeni zoona. Chiyambire, munapangapo chiyani chimene chinagwira ntchito?"

Anthu odikira anafa nacho chikhakhali. A Sayansi anatuluka mutu utametedwa mbali imodzi, mtima ukuwira. Ati sanapangepo kanthu! Iwo! Anakalowa m'shopu mwawo, nayatsa makina. Anasindikiza timapepala tambirimbiri toitanira anthu ku mwambo. Kutsogolo anaika chombo. Kumbuyo, kuti atseke pakamwa onyoza, anaika umboni wakuti iwo ndi katswiri kale: chitsekerero chija. Ndipo poti anali msindikizi wodana ndi ntchito yosamalizika, sanachijambule mwachisawawa. Anachidula pakati, naonetsa pamene labala amakhala, m'mene waya amapindikira, kukula kwa kachidutswa kalikonse, timivi tolozera ndi mawu ofotokozera. Pa ntchito zonse zimene zinatuluka m'makina amenewo, iyi ndiyo inakongola koposa. Akazi awo sanawaonetse.

Loweruka bwalo linadzaza, pakuti zaulere sizisowa anthu. Amayi anabwera ndi makireti awo kudzagulitsa. Pakati pa bwalo panagona chinthu chachikulu ngati minibasi, cha zigamba zamitundumitundu, pansi pake atamangirira dengu lodzaza timapepala tija. A Sayansi, atavala suti, anafotokoza kuti ichi ndi chitsanzo chabe, chenicheni chidzanyamula anthu. Chikafika pamwamba adzakoka kachingwe, timapepala tizigwa mwadongosolo, aliyense kake.

Ndipo chinadzukadi. Pang'onopang'ono, chikugwedezeka, chinakwera mpaka kupitirira mapolo a zigoli. Anthu anaomba m'manja, ngakhale wometa anatsegula pakamwa. A Sayansi misozi inalengeza, ndipo kwa kanthawi kochepa ako anali munthu wokondwa koposa padziko.

Kenako kunabwera mphepo, imene sinaitanidwe ku mwambowo. Inachigwira chombo m'chiuno n'kuchitembenuza. Chingwe chinawakoka a Sayansi, anathamanga nacho, anagwa chafufumimba, anachitaya. Dengu linapendekeka, timapepala tonse tinakhuthuka nthawi imodzi n'kuuluka ngati ngumbi, kudutsa mpanda, kudutsa msika, kulowera kumene mphepo inafuna. Chombo chinapita kukakodwa pa mlongoti wa mafoni, chinang'ambika, n'kulendewera pamenepo ngati thalauza loyanikidwa.

"Chibaluni chaphulika!" anakuwa anthu.

Kapepala kamodzi kanatera mu kireti ya amayi. Anakatola, naona chombo, natembenuza. Anaima nako chilili. Miyezi yonse ija yopukuta makireti, golosale imene anataya, chitini chimene ankachiyang'ana m'mawa uliwonse ngati chilipo, zonsezo amuna awo anazigawira tauni yonse mwaulere, ndi timivi tolozera. Sanalire. Zinawapweteka kupitirira misozi.

Achimwene awo anafika tsiku lotsatira, kapepala kali m'manja.

"Alamu, mwachita zamanyazi, koma mwina sizinatheretu. Ndamva kuti lamulo limapereka kanthawi kochepa kwa munthu amene waulula yekha. Valani nsapato tipite mawa lomwe."

Koma a Sayansi anali atadzitsekera. Angayende bwanji mumsewu, ana akuwaloza? Ndipo angalowe bwanji mu ofesi ndi chivundikiro, atangogwa kumene ndi chombo? Anthu akanati wagonja.

"Vuto linali chingwe basi. Ndikonze kaye, ndiwaonetse, kenako tipita ndi zonse ziwiri."

"Abambo, ndagwira mwendo wanu," anatero akazi awo. "Kamodzi kokha ndimvereni."

"Amayi, za sayansi zisiyireni ine."

Anayambanso kumata zigamba. Dzinja linabwera, malona ananyowa, nsungwi zinafumbwa. Pamene anavomera kupita ku ofesi kuja, n'kuti akazi awo atalongedza sutikesi n'kuiika pakhomo, kuwauza kuti asankhe.

Mu ofesimo anapeza mayi wina wa tsitsi la imvi, waulemu wake, wozolowera kuona anthu obwera ndi maloto m'zikwama. A Sayansi anatambasula mapepala a chombo mpaka kuphimba tebulo lonse, nafotokoza thukuta lili kamukamu. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwajambula bwino, bambo. Koma zombo zotere anthu anauluka nazo agogo anu asanabadwe. Chatsopano pamenepa ndi chiti?"

A Sayansi anayang'ana mapepala awo, nasakasaka ndi chala, osachipeza. Pamenepo akazi awo anatsegula chikwama, natulutsa chitini, namasula kansalu, n'kuika chitsekerero patebulo. Mayi uja anachinyamula, nachiyesa pa botolo lake la madzi, nalizondotsa. Nkhope yake inawala, kenako inagwa.

"Ichi ndiye chinali chinthu. Koma ndikuchidziwa. Si chija chinali pa timapepala tinagwa kuchokera kumwamba? Kanga ndinakapeza atakulungiramo mtedza. Kodi munasindikiza ndinu?"

"Ndine," anatero a Sayansi, kachifuwa katatukumuka pang'ono ngakhale pamenepo.

"Ntchito yaukhondo kwambiri. Munthu aliyense wodziwa zitsulo angapange pongoyang'ana. Ndiye vuto lake ndi limenelo. Munalengeza nokha, ndipo nthawi imene lamulo limadikira inatha kale. Mukanabwera masiku omwe aja, tikanakuthandizani. Pano si chatsopanonso. Sindingakulembereni, ndipo simungaletse wina aliyense kupanga."

"Koma ndinapanga ndine! Dzina langa lili pa kapepalapo!"

"Palibe akukana, bambo. Dzina ndi lanu. Chitsekerero n'cha aliyense."

Anatuluka mu ofesimo. A Sayansi anaiwala mapepala a chombo patebulo, ndipo palibe anawathamangira kuwapatsa.

Sipanapite nthawi, malole a fakitale ija anayamba kutsitsa zakumwa za zitsekerero zatsopano, zotsegula ndi chala chimodzi. Bwana uja anadikiradi monga ananenera, ndipo chimene ankafuna kugula chinamugwera pabwalo la fakitale yake. Sanabe kanthu, anangotola. Mafakitale ena anatsatira, mpaka zitsekererozo zinayamba kugulitsidwa m'matumba ku sitolo yopikulitsa katundu.

Tsiku lina masana amayi analowa m'shopu yosindikizira atanyamula thumba limodzi lotere, nalitsitsa pa makina. A Sayansi anapisa dzanja, natulutsa chimodzi, nachiyang'ana pafupi. Labala anali pomwe anamuika, waya anapindika m'mene anapindira. Sanasinthe ngakhale pang'ono.

"Izi ndi zanga izi," anatero ndi mawu otsika.

"Ndagula, abambo," anayankha akazi awo. "Bwezerani m'thumbamo, zimadula."

Anabwezera. Amayi ananyamula thumba lawo n'kupita kukatsekera mabotolo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanawafunsenso amuna awo maganizo pa chilichonse. Akuluakulu sananame pamene anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.