Fisi Anathawa Apongozi, Feteleza Anathawa Fisi

Kalekale, nyama zisanaleke kulankhula, Fisi anakafunsira mbeta kumudzi kwa a Njiri. Anakwatira mwana wawo wamkazi dzina lake Nankhoma, nakhala komweko pachikamwini. Iwe kumbuyoko ndakuona, ukufuna undifunse ngati kalelo kunali feteleza. Zoti nyama zinkalankhula wameza bwinobwino, koma thumba la feteleza ndiye lakutsamwitsa? Khala chete umve.

Fisi pa kudya anali katswiri, pa khasu anali mlendo. Chaka choyamba analima, nkhokwe inakhala ya akangaude. Chaka chachiwiri analima, ngakhale makoswe anasamuka. Chaka chachitatu apongozi ake, mai Njiri, anatopa. Anagulitsa mtedza wawo nagula feteleza. Wokulitsa anathira okha ndi Nankhoma, chifukwa tsikulo Fisi anati msana wamugwira. Ndiye panatsala thumba la yureya, feteleza wobereketsa uja woyera ngati mchere. Mai Njiri anatapako kabeseni kamodzi ka kamunda kawo, thumba lonse napereka kwa mkamwini. Mawu anadzera mwa Nankhoma: nkhokwe ikapanda kudzaza chaka chino, mwamuna wakoyo akulunge mphasa yake.

Fisi anachita mantha ndithu. Nankhoma ankamukonda, ndipo kwawo kumene anachokera kunali phanga lodontha lopanda womuphikira.

Tsono mwambo mukuudziwa. Mkamwini saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Akawaona akubwera, amapatuka n'kulowa patchire. Mwambo umenewu wokha Fisi ankausunga kuposa nyama zonse za m'dzikomo, pakuti akalowa patchirepo ankapezerapo mthunzi, n'kugona mpaka m'mimba mutalira.

Chimanga chitafika m'mawondo, Nankhoma anauza mwamuna wake mmene amayi ake amathirira. Anati amadikira mvula igwe n'kukata, dothi lili lonyowa. Amatenga kamtengo n'kuboola kadzenje pambali pa phesi, motalikirana ngati chikhatho. Amathiramo kachitsekerero ka botolo kamodzi, n'kukwirira. Phesi lililonse chimodzimodzi, chogwada, monga agwadira a Njiri akamadya.

Fisi anayang'ana mundawo, mapesi osawerengeka, nayang'ana mawondo ake.

"Ndikwirire?" anatero. "Wamwalira ndani? Feteleza woyera chonchi ndimubise m'dothi, odutsa m'njira adziwa bwanji kuti Fisi ali ndi feteleza?"

M'mawa mwake ananyamula thumba nakaliika pamphepete penipeni pa njira, malemba ake akuyang'ana kumsewu. Kenaka anayamba kuwaza. Waa uku, waa uko, ngati akuwazira nkhuku gaga. Munda wonse unangoti mbee. Aliyense wodutsa Fisi ankamupatsa moni kawiri, kuti aime aone.

Mai Njiri anaona ali patali, mtima unawapweteka. Anatola kamtengo kawo kuti akangoima chapatali amuonetse ndi manja. Fisi atangoona michira yawo, pepani, mchira wawo uli njo m'mwamba, anafuula kuti, "Apongozi!" Phazi thandize, patchire. Anagona mpaka madzulo.

Mame anasungunula feteleza uja, dzuwa linaswa mtengo, ndipo m'mundamo munayamba kutuluka fungo lobaya m'mphuno, longa la kuseri kwa bafa kumene ana amakodzako. Wina aliyense akadatseka mphuno. Koma uyu ndi Fisi, amene chonunkha kwa iye ndi chonunkhira. Anakhala pachulu pakati pa munda, mphuno m'mwamba, n'kumakoka mpweya mpaka misozi. Anaitana mkazi wake kuti adzamve mphamvu ya feteleza.

Nankhoma anati amayi akuti fungo limenelo ndiyo mphamvu imene, ikuuluka kupita kumwamba. Fisi anaseka chikhakhali. Anati feteleza alibe mapiko, ndipo ngati sakuoneka ndiye kuti chimanga chadya chonse, chinali ndi njala.

Anadikira. Chimanga cha apongozi, munda wogundizana ndi wake, chinada biriwiri. Chake chinangoti chikasu, masamba opyapyala, ngati mwana wodwala malungo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, akuluakulu sananame. Koma Fisi pa zonsezi anangotolapo nzeru imodzi: dzuwa ndi mbava.

Anati ulendo uno athira dzuwa kulibe. Anadikira tsiku limene kumwamba kunada bii, mitambo itatundumuka, bingu likugunda kuphiri, nkhuku zikuthamangira pakhonde. Apo ndi pamene anatenganso thumba lija, mmene munatsala feteleza, waa uku, waa uko, pamwamba pomwe ngati kale.

Mai Njiri anatulukanso ndi kamtengo kawo, chitenje atafunda kumutu. Fisi anangoti, "Apongozi!" Liwiro la mtondo wadooka, patchire.

Mvula imene inagwa tsiku limenelo, abale, si mvula yolowa m'nthaka ayi, inali yokokolola. Tsono mizere ya Fisi inali yoloza kutsetsereko, chifukwa kulima motsetsereka n'kosavuta. Madzi anathamanga m'makwalala mwa mizere ngati m'ngalande, feteleza yense ali pamsana, ulendo wa kudambo.

Patapita masiku, Fisi ali pachulu chake, anaona Chule akubwera chodumphadumpha, atanyamula kamtolo ka therere. Chule anagwada, anaomba m'manja, nati a kudambo onse amutuma kudzathokoza. Anati chibadwire sanaone udzu wonenepa chotero. Bango latalika, namsongole wanona, ndere zadzaza padziwe, ana ake akusewera chibisalirano osapezana. Anafunsanso ngati chaka chamawa a Fisi adzawakumbukirenso.

Fisi anakwiya mpaka ubweya wa pakhosi unaima. Koma thererelo analandira.

Usiku sanagone bwino, anali kuganizira phanga lodontha lija. M'mawa Nankhoma anamupempha akulira. Anati feteleza watsala wochepa pansi pa thumba, koma ngati amuthira bwino chimanga chikhoza kutolako mphamvu, apongozi n'kuona kuti mwamuna wayesetsa. Anati tiyeni tipite tonse, ine ndiziboola, inu muzingokwirira ndi phazi. Ndi phazi chabe! Mkazi wotere mungamupeze kuti? Ine zimandipsetsa mtima ndikafika pamenepa.

Fisi anati ayi, waganiza usiku wonse ndipo wapeza pamene onse akulakwitsa.

"Iwe, chakudya chimalowera kuti? Kumapazi kapena kukamwa? Nanga ine nyama ndimaikwirira pansi pa zikhadabo kuti ndikhute? Kamwa la chimanga lili pamwamba, pamene masamba akutulukira. Dzuwa linandibera, mvula inandibera, lero ndichidyetsa m'kamwa mwenimweni."

Nankhoma anathamanga kukaitana amayi ake. Fisi anayamba ntchito, ndipo kunena zoona tsiku limenelo anagwira ntchito ndi mtima wonse. Phesi lililonse ankalitsanulira feteleza wodzaza dzanja pakati pa masamba, n'kumaliuza kuti meza, meza. Wotsala ankamuunjika patsinde penipeni, kuti mapazi asachite nsanje.

Mai Njiri anabwera akuthamanga, kamtengo m'manja, akukuwa kuti aleke. Fisi anali atatsala ndi mzere umodzi. Anaumaliza mwachangu, nakutumula thumba, nati, "Apongozi!" Patchire.

Feteleza uja anasungunuka m'masamba n'kuwatentha. Chimanga chinapsa ngati wachithira madzi owira. Masamba anapiringizika, nsonga zinauma, tsinde linafota. Mapesi amene anapulumuka anabereka tizitsononkho tokhala ndi maso atatu, maso anayi, omwazikana ngati mano a nkhalamba.

Nthawi yokolola inafika. Kamunda ka mai Njiri, ka kabeseni kamodzi kaja, kanatulutsa madengu ndi madengu, mpaka anabwereka ngolo. Munda wa Fisi, wa thumba lathunthu, zokolola zake zonse zinakwana m'thumba lomwelo la feteleza, n'kutsala malo omangira pakamwa. Fisi anakazikhuthulira m'nkhokwe. Zinalira kuti kokoto pansi, ndipo phokoso lake linamveka mpaka kukhitchini kumene kunali apongozi.

M'mawa mwake Fisi atatuluka m'nyumba anapeza mphasa yake yokulungakulunga ili pakhomo, pamwamba pake thumba lopanda kanthu lija lopindidwa bwino. Nankhoma anali kuseri kwa nyumba akulira. Ndipo pakati pa bwalo panaima mai Njiri, kamtengo kali m'manja.

Fisi anatembenuka kuti athawe monga mwa masiku onse.

"Lero musathawe, a Fisi," anatero mai Njiri. "Lero tikhoza kuonana maso ndi maso. Si inunso mkamwini wanga."

Fisi anakhala pansi kuti khu, ndipo ena amati n'chifukwa chake mpaka lero miyendo yake yakumbuyo ndi yaifupi.

Mai Njiri anagwada pamaso pake. Anaboola kadzenje ndi kamtengo, anaponyamo kamwala koyera, anakwirira ndi chala. Basi.

"Ndi zokhazi zimene ndinkakuthamangitsirani katatu konse. Ulemu wothawa mumautha, wogwada ndiwo unakukanikani."

Anamupatsa kamtengoko kuti apite nako. Fisi ananyamula mphasa, anayang'ana kuseri kwa nyumba, koma Nankhoma sanatuluke. Atafika kudambo anakumana ndi Chule, amene anamupatsa moni waulemu namukumbutsa za chaka chamawa.

Mpaka lero mukamuona Fisi akuyenda, mphuno ili m'mwamba, kununkhiza uku, kununkhiza uko. Sakufuna nyama yokha ayi. Akufunafuna feteleza wake amene anapita ndi mphepo, akuti akamupeza abwerera kwa Nankhoma.

Ndiye inu amene mumawaza yureya pamwamba ngati mukufupa ovina, ndipo ndikukudziwani, ena muli pompano, mverani. Yureya wa pamwamba ngwa dzuwa ndi mphepo, wothira chimvula chikubwera ngwa achule, wa pamasamba ndi patsinde ndi moto. Wanu ndi amene mwakwirira m'dothi lonyowa. Ndipo wokuuzani zoona musamamuthawe n'kumati ndi ulemu.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanapserere ngati chimanga cha Fisi.